Kamera zogwira othamangitsa galimoto: zimene woyendetsa wa ku Zomba ayenera kudziwa

Woyenda pa msewu wa M3 amazidziwa izi: galimoto yochokera ku Blantyre ikakuthwanimitsira magetsi cha ku Namadzi kapena ku Thondwe, ndiye kuti kutsogoloko kuli apolisi ndi kamera yawo yoyezera liwiro. Koma m'maiko ambiri anthu akukangana za kamera zina, zokhomedwa pa chitsulo m'mbali mwa msewu, zogwira ntchito usana ndi usiku popanda wapolisi. Zitafika kuno, tingayembekezere chiyani?

Zimagwira bwanji munthu?

Kamera imayeza liwiro, galimoto ikapyola malire imajambula nambala yake. Kompyuta imawerenga nambalayo n'kufufuza mwini wake m'kaundula, amene kwathu kuno amasungidwa ndi a Road Traffic pa makina a MalTIS. Ku Kigali uthenga wa chindapusa umangolowa pa foni. Palinso kamera zogwira ntchito ziwiriziwiri: ina itakhala pa Thondwe, ina polowa m'tauni ya Zomba, makina angangowerengera mphindi zimene mwayenda pakatipo n'kudziwa liwiro lanu. Kuponda buleki mukaiona kamera sikungakupulumutseni.

Chindapusa chingapite kwa ndani, dalaivala kapena mwini galimoto?

Kamera imadziwa nambala, sidziwa amene wagwira chiwongolero. Mwini minibasi ali phee kunyumba ku Matawale, dalaivala waipereka kwa mnzake wa ganyu kuti akatenge anthu ku Songani, uthenga ufika kwa bwana. Ku Britain lamulo limakakamiza mwini galimoto kutchula amene ankayendetsa. Amene munagulitsa galimoto koma bulubuku ikadali m'dzina lanu, kasinthitseni, chifukwa milandu ya wogulayo ingamabwere kwa inu.

Kodi si kuphwanya ufulu wa munthu wosunga chinsinsi chake?

Apa ndiye pagona nkhani. Gawo 21 la malamulo aakulu a dziko lino limapatsa aliyense ufulu umenewu, ndipo gawo 44 limalola kuuchepetsa pokhapokha pali lamulo lonena choncho, chifukwa chake n'chomveka komanso n'chofunikadi m'dziko la demokalase. Kujambula galimoto imene yadutsa pa msika wa Chinamwali ngati mphepo, ana a sukulu akuwoloka, ine sindikuonapo vuto. Nambala inaikidwa pagalimoto kuti iziwerengedwa.

Vuto ndi kamera imene imawerenga galimoto iliyonse, yolakwa ndi yosalakwa yomwe, n'kusunga. Zomba ndi tauni yaing'ono, misewu yake ikuluikulu ndi yowerengeka. Kamera zochepa chabe zingathe kuulula amene amapita ku chipatala chachikulu Lachiwiri lililonse, mphunzitsi wa ku yunivesite amene anali pa msonkhano wa chipani, ngakhalenso galimoto imene imakwera ku Ku Chawe madzulo mwini wake atatsanzika kuti ali ku maliro. Kalaliki mmodzi wa pakamwa popepuka, nkhani yafika kale pa WhatsApp. Mu 2008 khoti loona za malamulo aakulu ku Germany linathetsa malamulo a zigawo ziwiri olola apolisi kuwerenga manambala a galimoto mwachisawawa, chifukwa sanaike malire omveka.

Kuno tili ndi lamulo loteteza zokhudza munthu, Data Protection Act ya 2024, ndipo oyang'anira ndi a MACRA, bungwe loona za mafoni, mawailesi ndi intaneti. Mfundo yake ndi yakuti zokhudza munthu zitoleredwe pa cholinga chodziwika, zisasungidwe kupyola pamene zikufunikira. Ndiye makhansala ndi aphungu athu tiziwafunsa msanga: chithunzi cha wosalakwa chifufutidwa liti, ndipo wololedwa kutsegula kaundulayo ndani?

Ziphuphu zingathe?

Za pamsewu zingachepe, kamera siipempha ya fanta. Koma zikhoza kungosamukira mu ofesi, kwa amene ali ndi mphamvu yofufuta mlandu pa kompyuta.

Nanga akabaza?

Njinga zamoto zambiri zilibe nambala, ndiye kamera ilibe chowerenga. Wolipira angakhale yekhayo amene analembetsa bwinobwino.

Kamera ikalakwitsa nditani?

Imalakwitsa ndithu: nambala yamatope, fumbi pagalasi, kapena mbava imene yakhoma nambala yanu ya ZA pa galimoto ina. Gawo 43 la malamulo aakulu limakupatsani ufulu wouzidwa zifukwa molemba pamene chigamulo cha boma chikukhudza ufulu wanu. Pemphani chithunzicho, tsiku, nthawi ndi malo, komanso umboni wakuti makinawo anayesedwa kuti akuyeza molondola. Mukapanda kukhutira, mlandu wa pamsewu umakathera kwa majisitireti, ndipo mukalipira musachoke opanda lisiti ya boma.