Kankhono kooneka ngati nguli

Mayi wina wa ku Kabwata, mu Lusaka, anabwera kusukulu kumene ndimaphunzitsa sayansi ya zamoyo, atakulunga kanthu pakansalu. Mwana wake anakatola pagombe ku Dar es Salaam. "Aphunzitsi, kodi aka sikadzamupatsa likodzo mwanayu?"

Nditafunyulula ndinapeza kachigoba kofiira, kosakwana masentimita 2, pansi potambalala, pamwamba posongoka. Mukakazondotsa ndi nguli yeniyeni. Khungu lake lili ndi timizere ta tinthu totumphuka ngati mikanda, tina takuda, tina toyera, moti ena amakayerekeza ndi sitiroberi. Aka ndi Clanculus puniceus, kamene kamakhala m'mphepete mwa nyanja ya Indian Ocean, cha ku Tanzania ndi Mozambique. Mtundu wa Clanculus unapatsidwa dzina ndi katswiri wa zamoyo wa ku France, Montfort, mu 1810, ndipo uli m'banja la nkhono zam'nyanja lotchedwa Trochidae.

Za likodzo, mtima pansi. Tizilombo take timakulira mu nkhono za m'madzi opanda mchere, za mitundu ya Bulinus ndi Biomphalaria, zimene zimapezeka m'madambo ndi m'mitsinje ngati Kafue. Nkhono ya m'nyanja yamchere ilibe nawo gawo.

Kakakhala kamoyo, kankhonoka kamayenda pamiyala ya m'madzi osaya, kakupala ndere ndi lilime lokhala ndi timano tambirimbiri. Kakaopsezedwa kamalowa m'kati n'kutseka pakhomo ndi kachitseko kozungulira kamene kamamera kuphazi kwake.

Koma chimene chimandikoka ine ndi m'katimo. Ndinawauza mayiwo kuti asuzumire pakamwa pa chigobacho ataloza kudzuwa. Munkanyezimira, apa kubiriwira, apo kufiirira. Mulibe utoto ayi. Nkhono imayala timapepala ta mwala wa laimu topyapyala kwambiri, kena pamwamba pa kanzake, ngati mmisiri akuyala njerwa, ndipo kuwala kukagunda timapepalato kumagawikana mitundu. N'chifukwa chake m'bale wake wamkulu, Trochus niloticus, anthu akhala akumudula n'kupanga mabatani a malaya. Dzina limenelo analipereka ndi katswiri wa zamoyo wa ku Sweden, Linnaeus, mu 1767, ndipo limandiseketsa, chifukwa mumtsinje wa Nile nkhonoyo mulibemo. Kwawo ndi ku Indian Ocean ndi Pacific.

Mayiwo anafunsa ngati angakatsuke ndi viniga kuti kawale. Ndinawaletsa, chifukwa viniga amadya laimu. Madzi ofunda ndi kamswachi kakale basi.