Dzino lobooka sikuti lizulidwe basi

Kuno ku Lusaka dzino likayamba kugunda usiku, ambiri amati, "Muli kachirombo, kazuleni." Mulibe kachirombo konga mphutsi. Chimapweteka ndi kamnofu kofewa ka m'kati mwa dzino, momwe muli mitsempha, mabakiteriya akakalowerera. Nthawi zambiri dzinolo limapulumuka ndi root canal, chithandizo chotsuka m'kati mwa dzino mpaka kumuzu n'kutsekamo.

Dokotala wa mano amayamba ndi X-ray. Akabaya jekeseni yochititsa dzanzi, amaboola dzino pamwamba n'kuchotsa kamnofu kovundako ndi tizitsulo topyapyala ngati singano. Dzino lakutsogolo kawirikawiri limakhala ndi kangalande kamodzi, kanjira ka m'kati mwa muzu modutsa mtsempha, koma lakumbuyo lotafunira limakhala ndi 3 kapena 4, ndipo kamodzi kakaphonyedwa ululu umabwerera. Tingalandeto amatitsuka ndi mankhwala opha mabakiteriya otchedwa sodium hypochlorite, kutiumitsa, n'kutitseka ndi gutta-percha, chotsekera chonga labala.

Pamene ambiri amalakwitsa ndi apa: ululu ukatha sabwereranso kuchipatala. Chotsekera chongoyembekezera chimene dokotala amaika pabowo lapamwamba lija chimagamphuka, malovu amalowa, matenda amayambiranso. Dzino lakumbuyo likapanda kuvekedwa crown, kachipewa kolimba kophimba dzino lonse, limatha kung'aluka potafuna chimanga chokazinga.

Dzino losiya lokha kuwawa nalonso silinachire. Mtsempha wafa, mafinya akusonkhana kumuzu, ndipo mankhwala opha mabakiteriya a amoxicillin okha sangachotse gwero la matendawo.