Chimbale chanu cha Windows ndi cha chaka chiti?

Ndatopa kumva mawu akuti "Windows ndi Windows basi." Amanena ndi anyamata ophunzira ntchito, amanenanso ndi akuluakulu a maofesi amene amabwera kushopu kwanga kuno ku Ulongwe, ku Mozambique, atanyamula kompyuta kukhwapa ndi chimbale m'thumba. Ndikawafunsa kuti chimbalecho chinabenedwa liti, amati chikugwirabe ntchito. Kuti chimazungulira ndikudziwa. Chimene ndikufunsa ndi msinkhu wa zomwe zili m'katimo.

Microsoft imatulutsa ma update Lachiwiri lachiwiri la mwezi uliwonse, ndipo ambiri mwa iwo amatseka mipata imene akuba apeza. Chimbale sichimva zimenezi. Chimaima pa tsiku limene fayilo yake inapangidwa. Chimbale cha Windows 7 chokhala ndi Service Pack 1, chimene chikuyendabe m'zikwama zambiri kuyambira ku Zóbuè mpaka ku Moatize, ndi cha 2011. Mukachiika lero, mwabweza kompyuta ku 2011 ndi mipata yonse imene yapezeka chiyambire nthawi imeneyo. Kumbukirani WannaCry, vayirasi imene inatseka mafayilo a anthu m'mayiko ambiri mu Meyi 2017 mpaka kusokoneza zipatala za ku Britain. Mpata umene inkalowera unali utatsekedwa kale mu Malichi chaka chomwecho. Amene anazengereza kuika update ndiwo anagwidwa. Ndiye munthu lero akutenga chimbale chopanda update imeneyo, nkulumikiza kompyuta pa netiweki ya ofesi, ati ma update tidzaika mawa.

Mawa limenelo silifika, ndipo chifukwa chake tonse timachidziwa: ma mega. Kompyuta khumi zapasukulu, iliyonse ikukoka ma update omwewo pa kamodemu kamodzi ka Movitel kapena Vodacom, ndalama zatha ntchito isanafike pakati. Wina amatopa nkuzimitsa Windows Update kotheratu. Nchifukwa chake mmisiri wanzeru amakoka ma update kamodzi kokha, nkuwalowetsa m'kati mwa fayilo yoikira Windows, ija ya ISO, asanabene. Kompyuta iliyonse imene waikamo imadzuka ili kale pa mwezi uno.

Sindifotokoza kuti ISO ndi chiyani kapena kuti BIOS mumalowamo bwanji. Ngati zimenezo ndi zachilendo, perekani ntchitoyi kwa wina.

Tengani ISO patsamba la Microsoft lenileni, ndipo musanachite china chilichonse yerekezani nambala yake ya SHA-256 ndi imene yalembedwa patsambalo. Mu PowerShell lamulo lake ndi Get-FileHash. Ndi netiweki yathu yoduka-duka, fayilo ikhoza kuoneka yathunthu koma ili ndi bala m'kati, ndipo mudzazindikira Windows itaima pakati pa ntchito, hadi disiki ya mwiniwake mutaifufuta kale. Ma update atengeni pa Microsoft Update Catalog, ogwirizana ndi mtundu wa Windows wanu komanso 64-bit kapena 32-bit. Pa Windows 10 ndi 11 update ya mwezi imanyamula zokonza za miyezi yam'mbuyo, choncho simufunika mulu wa mafayilo. M'kati mwa ISO, mu foda ya sources, muli fayilo ya install.wim. Imatsegulidwa ndi DISM, chida chimene chili kale mu Windows: mumaitsegula mu foda yopanda kanthu, kulowetsa update, kenaka kutseka mosunga zosinthazo. Mukapeza install.esd m'malo mwake, monga zimakhalira ISO ikachokera ku Media Creation Tool, iyambeni mwaisandutsa wim, chifukwa esd silola kusinthidwa. Onetsetsaninso kuti mwatsegula Pro ngati mukufuna Pro, popeza Home ndi Pro zimakhala m'fayilo imodzi pa manambala osiyana. Ndipo poti maofesi athu amalemba Chipwitikizi, ngati mukuwonjezera chinenero, chiyambe ndi chinenerocho, update ibwere pambuyo. Mukatembenuza, mbali zina za chinenerocho zimatsala zosakonzedwa.

Windows 7 ndiye ili ndi mwambo wake. Imafuna update ya servicing stack (mbali imene imaika ma update ena) ya Epulo 2015 isanalandire phukusi lalikulu la 2016, lija la KB3125574, ndipo popanda update ya SHA-2 ya 2019 imakana ma update otsatira. Ilibenso madalaivala a USB 3.0, nchifukwa chake pa makina atsopano kiyibodi ndi mausi zimafa mutangofika pa tsamba losankha chinenero.

Tsopano kubena kwenikweniko, pamene pamagwera anthu ambiri. Kukokera fayilo ya ISO pa chimbale monga mmene mumaikira nyimbo si kubena Windows. Chimbale chotere sichidzutsa kompyuta ngakhale mutachipempherera. Mukamanganso ISO ndi oscdimg, chida cha Microsoft chomangira ISO, muiuze za mafayilo odzutsira, etfsboot.com wa BIOS yakale ndi efisys.bin wa UEFI, kenaka mubene ngati chithunzi cha chimbale, pa liwiro lotsika, ndi kusankha kuti pulogalamu iwerengenso zimene yalemba. Benerani pa laputopu yokhala ndi batire labwino, kuti magetsi akaphethira kapena mayuniti a Credelec akatha chimbale chisafere panjira. DVD wamba imanyamula 4.7 GB yokha, ndipo Windows 10 yomaliza ndi Windows 11 zimaposa pamenepo musanawonjezere nkomwe kanthu. Pamafunika DVD ya 8.5 GB, imene kuno sipezeka wamba. Kunena zoona, masiku ano fulashi ndiyo yabwino, yokonzedwa ndi pulogalamu ya Rufus. Kungoti fulashi ya FAT32 silandira fayilo yoposa 4 GB, ndiye mukamakopera pamanja install.wim iyenera kugawidwa ndi DISM. Ubwino umodzi wa chimbale umene sinditsutsa ngwakuti vayirasi singadzilembepo, pomwe fulashi yolowa m'kompyuta iliyonse yodwala imatola chilichonse. Koma musachisiye padashibodi ya galimoto mumzinda wa Tete mwezi wa Okutobala.

Nkhani imene imandiwawabe ndi ya mayi wina, mlembi wa pasukulu ina chakumpoto kwa Angónia. Kompyuta ya muofesi yawo inkachedwa, ndipo mnyamata wina woyendayenda ndi chikwama cha zimbale anawalonjeza Windows "yopepuka", yokhala ndi Office ndi zonse, yosafuna layisensi, pamtengo wa meticais ochepa. Anaika. Sanafunse n'komwe ngati mafayilo asungidwa kwina, anangofufuta zigawo zonse za hadi disiki. Mndandanda wa ana ndi magiredi a zaka zingapo zinapita masana amodzi. Mayiwo anayamba kulembanso kuchokera m'mabuku, usiku, mwezi wathunthu. Atabwera kwa ine patapita miyezi, chinawabweretsa si chimenecho. Fulashi iliyonse imene aphunzitsi ankalowetsa inkatuluka mafoda atasanduka ma shortcut.

Nditayang'ana ndinapeza Windows Update itachotsedwa, Defender, antivayirasi ya Windows, kulibe, firewall yozimitsa. Kupepuka kumene anagulitsidwa kunali kumeneko: nyumba yozulidwa zitseko kuti muzilowa msanga. Anandifunsa, "Bambo, nanga simungangoikamo antivayirasi?" Ndinati, "Ayi mayi, pamenepa tiyambire pansi, koma lero tiyamba ndi kusunga mafayilo anu." Chimandipweteka nchakuti iwo ankadziimba mlandu, ati mwina anadina polakwika. Sanalakwe kanthu. Ndipo mnyamata uja mwina sadziwa n'komwe zimene zili m'chimbale chake, anangochikoka pa intaneti kwa munthu amene sadzamuona.

Kusiyana kwa ntchito yanga ndi yake kuli apa. Tonse timasintha fayilo ya Windows tisanabene, zida zake ndi zomwezo. Ine ndimayambira pa ISO imene ndaitsimikiza ndipo ndimangowonjezera zochokera ku Microsoft. Iye sangakuuzeni chimene chinachotsedwa kapena chimene chinabisidwamo. Pulogalamu yakuba ikakhala m'kati mwa Windows kuyambira tsiku loyamba, antivayirasi yobwera pambuyo siyodalirika. Ndipo pa kompyuta yomweyo ndi pamene mumatsegula imelo ya ntchito ndi akaunti ya kubanki. Mmisiri akabwera, mufunseni kumene anatenga ISO yake ndi mwezi wa update yomaliza imene ilimo. Akayamba kuzungulira, kapena akanena kuti ma update amawononga kompyuta, mutsanzikeni. Akagwira kiyibodi asanakufunseni za mafayilo anu, mulandeni.

Musaganizenso kuti kulowetsa ma update kumaukitsa Windows yakufa. XP inasiya kuthandizidwa pa 8 Epulo 2014, Windows 7 pa 14 Januwale 2020, ndipo Windows 10 nayo inafika pamapeto pa 14 Okutobala 2025, kupatula amene analembetsa ndondomeko yowonjezera nthawi. Chimbale cha Windows 7 chokhala ndi ma update onse chimakufikitsani mu 2020 basi. Ndimachibenabe, inde, koma cha makina amene amayendetsa pulinta yakale kapena pulogalamu imodzi, osalumikizidwa pa intaneti. Kompyuta yakale imene ilibe kachipangizo kachitetezo ka TPM 2.0 kofunika pa Windows 11, koma ikufunika kulowa pa intaneti, ndimaiikira Linux Mint. Imakwana pa DVD wamba, ili ndi Chipwitikizi, ndipo makalata amalembeka mu LibreOffice.

Chimbale chilichonse chimene mwabena, lembanipo ndi cholembera mtundu wa Windows, chinenero, ndi mwezi wa update yomaliza. Chiyeseni kaye pa kompyuta yopanda mafayilo a munthu, ndipo pa Windows 10 ndi 11 mutsegule lamulo la winver muone ngati nambala imene likuonetsa ikugwirizana ndi update imene munalowetsa. Pakatha miyezi itatu kapena inayi, benani china, chakalecho muchithyole kuti wophunzira ntchito asadzachitole m'dirowa.