Ndalama za odwala ochokera kunja sizithera kwa madokotala okha

Anthu ambiri akamva za odwala okalandira thandizo kunja kwa dziko lawo, amaganiza za anthu olemera opita ku London kapena ku America, ndipo amati phindu lonse limagwera m'thumba la eni zipatala. Zonse ziwirizi n'zolakwika.

Masiku ano ulendo umalowera kwina. Anthu a ku America amawoloka malire kupita ku Los Algodones, katauni ka ku Mexico kodzaza ndi madokotala a mano, chifukwa kwawo mitengo ndi yoboola m'thumba. A ku Ulaya amathamangira ku Istanbul, mzinda wa ku Turkey, kukabzalitsa tsitsi pa dazi. India inayamba kupereka viza yapadera ya odwala mu 2005, ndipo mzinda wake wa Chennai watchuka ndi maopaleshoni a mtima.

Wodwala amene wachitidwa opaleshoni ya bondo sakwera ndege mawa lake. Amakhala masabata angapo pafupi ndi chipatala, ali ndi womudwazika. Awiriwa amafuna nyumba yopanda masitepe, galimoto yowapititsa kokasinthitsa bandeji, chakudya choyenera wodwala, komanso womasulira woti adokotala akati "musanyowetse bala" uthengawo ufike momwemo. Apa m'pamene munthu wopanda digiri ya udokotala amapeza bizinesi.

Yovuta ndi ntchito yolumikiza odwala ndi zipatala. Komishoni imakoma, koma amene watumiza munthu kuchipatala chomwe sanachifufuze, ngakhale kungoona ngati chili ndi chivomerezo cha mabungwe owunika zipatala monga Joint Commission International, bala likatukusira wodwala atabwerera kwawo, achibale amaloza chala iyeyo.