Chiboliboli si fano

Ndagwira kasemasema zaka zoposa 20, ndipo mawu amene andifika pakhosi ndi akuti "bambo aja osema mafano". Abale anga, zimene timasema ifezi ndi ziboliboli. Kanjovu ka phingo, kamayi kosenza mtsuko, kankhalamba kokoka kaliwo, zonsezi ndi ziboliboli, zokongoletsera pabalaza. Chidole ndi cha mwana, monga ng'ombe zadothi zimene tinkaumba kudambo. Fano ndi chinthu chimene munthu amachigwadira ndi kuchipembedza. Pa Eksodo 20:4 pamene pali mawu akuti "fano losema", vesi yotsatira ikuletsa kuligwadira ndi kulitumikira. Mtengo susanduka fano chifukwa chakuti wasemedwa nkhope.

Mukakafika ku Mua m'boma la Dedza, ku KuNgoni, malo a zaluso ndi chikhalidwe amene wansembe wa Katolika, bambo Claude Boucher, anayambitsa mu 1976, mukapeza anthu akusema Yesu ndi Mariya okhala ndi nkhope zachichewa. Kodi amenewo ndi opembedza mafano?

Chimene chimandipweteka mpaka lero ndi cha mayi wina amene anabwera kukhumbi langa atanyamula kachidutswa kakupsa m'mpango. Malemu bambo ake anali mmisiri, ndipo anamusiyira tiziboliboli 6 ta m'bawa. Mwana wake atayamba kudwaladwala, munthu wina wodzitcha mneneri anamuuza kuti m'nyumbamo muli mafano amene akuyamwa magazi a mwanayo. Analipiritsa ndalama za mapemphero, n'kulamula kuti zonse ziotchedwe. Mayiyo anaotchadi. Chimene chinatsala ndi dzanja la kamwamuna koimba ng'oma, zala zake zikuoneka bwinobwino, ndi zikwapu za mpeni wa bambo ake. Anandifunsa ngati ndingakasemenso. Ndinalephera kumuyankha.

Mwanayo anali ndi malungo. Masiku amene anathera pa mapemphero ndi moto anali oti akanakhala atayezetsa magazi kuchipatala n'kulandira mankhwala a malungo a LA. Anakafika naye ali lefu, anachita kumugoneka.

Chonde, mwana akatentha thupi thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo, za pashelefu zisiyeni. Aliyense woloza chiboliboli chanu n'kunena kuti ndi fano, kenaka n'kutchula mtengo wa pemphero, akufuna ndalama zanu basi. Ngati mtima wanu sukukhazikika nacho chosemacho, perekani kwa mbale wanu akusungireni, kapena bwerani nacho kwa ife amisiri, musanayatse machesi.