Wanzeru kunyumba, wopanda mantha pagulu: chimamusintha mwana n'chiyani?

Makolo ambiri amene amabwera kudzafuna uphungu amayamba ndi mawu ofanana: "Mwanayu anali wabwinobwino, amuwononga ndi anzake." Kenaka amatchula mwambi uja wakuti nsomba ikawola imodzi zonse zawola, n'kupempha kuti ndiwathandize kupeza yowolayo. Chovuta n'chakuti makolo a mwana winayo, atati abwere tsiku lomwelo, angaloze chala mwana wa odandaulawa. Pa ntchito yanga yolangiza achinyamata, si kawirikawiri kupeza gulu lokhala ndi mtsogoleri woipa amene akukoka ena onse. Chimene ndimapeza ndi ana anayi kapena asanu aulemu ndithu, amene akakumana amachita zinthu zoti aliyense wa iwo payekha sangayerekeze.

Nkhaniyi imayambira m'mutu. Mwana akangotha msinkhu, mbali ya ubongo imene imamva kukoma kwa zinthu zatsopano ndiponso kukoma kotamidwa imadzuka mwamphamvu. Koma mbali ya kutsogolo, kuseri kwa chipumi, imene imati "dikira kaye, mapeto ake n'chiyani?" imakhwima mochedwa, munthu atapitirira kale zaka 20. Pakati pamenepa pali zaka zingapo zimene chilakolako chimathamanga kuposa kudziletsa.

Mu 2005, akatswiri awiri a ku America, Margo Gardner ndi Laurence Steinberg, anapatsa anthu masewera a pakompyuta oyendetsa galimoto. Nyali yachikasu ikayaka, woyendetsa ankasankha kuima kapena kupitirira, ngakhale ankadziwa kuti akhoza kuwomba khoma. Ena ankasewera okha, ena anzawo a msinkhu wawo ali pomwepo. Akuluakulu sanasinthe kwenikweni. Achinyamata, anzawo akangokhalapo, ankaika galimoto pangozi kwambiri kuposa pamene anali okha. Mu 2011 gulu la Steinberg ku Temple University linabwereza kafukufukuyu likujambula ubongo, ndipo ulendo uno anzawo aja anali m'chipinda china, akungoonerera pa sikirini, osamuuza woyendetsayo chochita. Kungodziwa kuti akuonedwa kunali kokwanira kudzutsa mbali ija ya ubongo yokonda zokoma. Anayesanso ndi mbewa za mu labotale: zazing'ono zinkamwa mowa wambiri zikakhala ndi zinzake, pamene zikuluzikulu sizinasinthe. Mbewatu sizinyozana kuti "ndiwe wachimidzi".

N'chifukwa chake sindikhutira ndi malangizo akuti "ukane akamakukakamiza". Nthawi zambiri palibe amene akukakamiza. Taganizirani mnyamata wa Fomu 1, sabata yake yachitatu pa sukulu yogonera konko. Kuseri kwa hositelo botolo lapulasitiki la mowa waukali likuyenda dzanja ndi dzanja. Palibe wamugwira pakhosi. Botolo lafika pa iye, maso anayi akumuyang'ana, ndipo wina wangoseka pang'ono. Iye akudziwa bwino kuti mowa ndi woipa, analemba zimenezi pa mayeso a Life Skills n'kukhoza. Koma akudziwanso kuti awa ndi anthu amene adzadye nawo, kugona nawo ndi kumuteteza kwa a Fomu 3 kwa zaka zikubwerazi. Kwa iye kusalidwa si nkhani yaing'ono ngati mmene ife akuluakulu timaionera. Amamwa.

Kwa atsikana njira yake imakhala yachete koposa. Ambiri amene amaphunzira m'masukulu a sekondale oyendera (CDSS) akutali ndi kwawo amachita lendi timanyumba pafupi ndi sukulu, popanda wamkulu wowayang'anira. M'kachipinda ka atsikana atatu, mmodzi akabwera ndi foni yatsopano, mafuta onunkhira ndi ndiwo za nyama, enawo amadziwa kumene zachokera. Mwini foniyo sanena kuti "nawenso peza wako". Amangogawa nyamayo. Ufa ukatha pakati pa teremu, makolo asanatumize kanthu, mtsikana wachiwiri amakhala atadziwa kale njira. Apa umphawi ndi kutengera anzathu zimagwirana manja, ndipo si chilungamo kulankhula za chimodzi n'kusiya chinzake. Kafukufuku wa dziko lonse wa za chiwerengero cha anthu ndi umoyo wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti atsikana 29 pa 100 alionse a zaka 15 mpaka 19 anali atabereka kale kapena anali ndi pakati. Malamulo alipo: kuyambira 2017 malamulo aakulu a dziko lino salola ukwati wa munthu wosakwana zaka 18, ndipo kuyambira 1993 mtsikana wobereka amaloledwa kubwerera kusukulu. Koma amene anabwererapo adzakuuzani kuti chimene ankaopa kwambiri sichinali masamu, chinali kuseka kwa anzake a m'kalasi.

Palinso bodza limene limagwira ntchito yaikulu: "aliyense akuchita". Anyamata amakokomeza za zibwenzi zawo, za chamba chimene asuta, za ndalama zimene apata pobetcha mpira. Amene waluza ndalama ya mayeso satumiza chithunzi pa gulu la WhatsApp, amatumiza ndi wopambana yekha. Womverayo amaona ngati watsala yekha, ndiye amathamangira kukafanana ndi anthu amene mwina sanachitepo zimene akunenazo. Kale mwana akalowa m'nyumba madzulo, gulu linkatsala panja. Lero limalowa naye m'bulangete kudzera pafoni.

Za chamba ndinene mosabisa, poti ana ena amanena kuti "boma linavomereza". Lamulo la 2020 linalola kulima chamba cha mankhwala ndi cha m'mafakitale kwa amene ali ndi chiphaso, osati kusuta. Ndipo amene wayamba kusuta ali wamng'ono, n'kumasuta pafupipafupi, amakhala pa chiopsezo chachikulu chodwala matenda a misala kuposa amene sasuta.

Nanga chimathandiza n'chiyani? M'zaka za m'ma 1950, katswiri wa zamaganizo Solomon Asch ankaonetsa anthu mizere yotalika mosiyana n'kufunsa yofanana. Gulu lonse, limene anapangana nalo mseri, linkapereka yankho lolakwika mwadala, ndipo anthu ambiri oyesedwawo anatsatira gululo kamodzi kapena kuposa, ngakhale maso awo ankaona zina. Koma m'gulumo mukakhala munthu mmodzi yekha wonena zoona, kutsatira kuja kunkatsika kwambiri. Mwana safunika kulimba mtima kuposa gulu lonse. Amafunika mnzake mmodzi woti akayang'anana naye anene kuti "ife tapita". Choncho m'malo mofunsa kuti "woipa ndani pa anzakowa?", funsani kuti "zinthu zitavuta, ndani angachoke nawe?" Akasowa dzina loti atchule, pamenepo ndiye pali ntchito.

Kumuletsa anzake onse sikuthandiza kwenikweni. Amangowabisa, ndipo inu mumataya mwayi wodziwa amene akuyenda naye. Aitaneni kunyumba, adye nsima, mudziwe makolo awo. Mphamvu yomweyi imene imakokera ana ku botolo imawakokeranso ku gulu lowerengera limodzi, ku kwaya ndi ku mpira, ndipo ndaona ana aulesi akudzuka mbandakucha kukawerenga chifukwa choopa kutsalira pa anzawo.

Mupatseninso pothawira. Mwana wa zaka 14 sanganene pagulu kuti "mowa umawononga chiwindi", angamuseke mpaka teremu kutha. Koma akhoza kunena kuti "mayi anga amandinunkhiza pakamwa ndikangolowa" kapena "bambo anga akadziwa andichotsa sukulu". Muloleni akuipitseni pamaso pa anzake, inu simutaya kanthu. Yesererani naye mawuwo kunyumba mpaka azituluka okha, pakuti pa nthawi ya botolo ija sipakhala mpata woganiza. Ndipo mugwirizane kuti akakuimbirani usiku ali pamalo olakwika, mudzamutenga kaye, milandu mudzakamba kukacha. Mwana amene akudziwa kuti foni imeneyo ibweretsa chikwapu saimba.

Pali pamene nkhani imaposa ya pakhomo. Ngati magiredi agwa mwadzidzidzi, ndalama zikusowa m'nyumba, mwana akubwera ndi katundu amene simunamugulire, sakugona, akulankhula zosamveka, kapena wanenapo zofuna kudzipha ngakhale mongoseka, musadikire kuti zitha zokha. Zipatala zambiri za boma zili ndi gawo lothandiza achinyamata mwachinsinsi, a St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe amathandiza pa za maganizo ndi mankhwala ozunguza bongo, ndipo nambala ya foni ya 116, yothandiza ana, ndi yaulere. Mwanayo akhoza kuimba yekha ngati pali zimene akuchita manyazi kukuuzani.