Phokoso la ekizozi si mphamvu ya injini

Kwa zaka zambiri ndakhala ndikumva ku Lizulu kuti pikapu ya dizilo ukayiika ekizozi yaikulu yopanda sailensa, imakoka kwambiri ndipo siidya mafuta. Nkhaniyi yanditopetsa.

Mphamvu ya injini ya dizilo imachokera ku mafuta amene akupopedwa ndi mpweya umene ukulowa mkati, umene pa injini zina umakankhidwa ndi chipangizo chotchedwa turbo. Kusintha paipi yakumbuyo kokha kumawonjezera pang'ono kwambiri, nthawi zambiri simungazindikire n'komwe. Chimakula ndi phokoso, ndipo khutu limanamiza phazi. Galimoto ikamafooka pachitunda itasenza matumba a kachewere ochokera ku Tsangano, yambani mwaona fyuluta ya mpweya, chifukwa fumbi la misewu yathu limaitseka msanga. Utsi wakuda ndi dizilo amene sanapse bwino.

Ekizozi imafunikadi kusintha ikabooka ndi dzimbiri kapena ikaphwanyika pamwala.

Wina akakuuzani za kupulumutsa mafuta, musanauzenso mnzanu, yesani nokha. Dzazani thanki, lembani makilomita, yendani pa M1 kuchokera pa Ntcheu kukafika pa Dedza ndi katundu wofanana, mudzazenso. Mufanizire malitawo ndi a ulendo womwewo ekizozi isanasinthidwe.